Kanyali Kofiira pa Galimoto ya Abambo

Lolemba

Foni yochokera ku Nselema. Amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, ali m'chipatala ndipo akufooka. Akutuluka Lachisanu, akuti akapumulire kunyumba. Tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Akuitana mng'ono wawo.

Pulani yanga ndi iyi: Loweruka m'mawa ndiwatenga amayi pa galimoto ya malemu abambo, kuchoka pa Ulongwe pano, kudzera ku Liwonde, mpaka ku Nselema. Za minibasi ndakana. Chiuno cha amayi sichingapirire kupanikizidwa pakati pa matumba a chimanga ndi mabasiketi a nsomba.

Masana ndikupita ndi galimotoyo kuchigayo. Ndangolowa mumsewu, kanyali kofiira kayaka, kaja kooneka ngati ketulo yodontha. Oyilo! Ndibwerera, ndiimika pamalo pake pachulu, mphuno pansi monga mwa masiku onse. Batire inafooka abambo akadali moyo, ndiye galimotoyi imalira pokhapokha itsetsereke. Abambo ankati chulu ndi batire yosagula. Kwina kulikonse sindiizimitsa, olo pamaliro.

Ndisolola kachitsulo koyezera, ndipukuta, ndibwezera, ndisololanso. Oyilo wadzaza mpaka pa mzere wapamwamba. Nanga kanyalika kakufunanji kwa ine, telala wosalakwira munthu?

Lachiwiri

A Twaibu, neba wathu wokonza njinga zamoto, abwera kudzaona. Ayeza okha. Wadzaza. Titsetsereka, ilira, tikwera nayo pachulu, tiisiya ikulira. Kanyali zii. Andiyang'ana ngati ndalota.

"Tiyeni mumsewu," ndikutero. Tisanafike pa sitolo yoyamba, kayaka. A Twaibu akanda mutu. "Achemwali, galimoto imeneyi ili ndi manyazi pakhomo."

Maganizo amene ndalandira lero, osawapempha:
makoswe adya mawaya (mayi wogulitsa tomato);
ndi kaswichi ka oyilo, kamanama kakakalamba (a Twaibu);
galimoto ikusowa mwini wake (amayi, akusankha nandolo, osadzutsa mutu);
"Ingomata tepi yakuda, usamakaone" (achimwene, pafoni kuchokera ku Joni, kumene mavuto athu onse amaoneka ochepa).

Yunifolomu za ana a sukulu zili mulu pa mashini. Sindinasoke ngakhale kolala imodzi.

Lachitatu

Ndapita ku Liwonde pa minibasi kukagula kaswichi. Kanthu kochepa ngati chala, koma wogulitsa akukakulunga ngati dzira. A Twaibu akamanga madzulo, akuimba nyimbo ya Chiyao pansi pa boneti. Tiyeza oyilo. Wadzaza. Tilowa mumsewu. Kayaka, kuwala kuposa dzulo, ngati kakondwa ndi mlendo.

Amayi alibe nazo ntchito zimenezi. Ayamba kulongedza: ufa woyera, nandolo, nkhuku ija amati ndi ya Khirisimasi, ndi kalongonda, nyemba ya kwawo ija, amene akhala akumuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena. Akuti akulu awo ankamukonda ali atsikana.

Ndikuwamva kukhitchini akudzilankhulira okha m'Chilomwe. Chimwalirire abambo alibe wolankhula naye, poti ife ana tinangotolapo moni ndi zotukwana. Akuyeserera, kuti lilime lisakawachititse manyazi Loweruka. Ndaima pakhomo kumvetsera.

Lachinayi

Ndamata tepi. Inde, ndamvera achimwene. Ngati oyilo ndi wodzaza, kaswichi ndi katsopano, ndiye wabodza ndi kanyali.

Ndikuiyesa ulendo wautaliko, kulowera ku Liwonde. Kufiira kukutulukira m'mbali mwa tepi, koma ine maso ali pamsewu. Ndikuimba nyimbo ya kwaya. Ndikupatsa moni anthu a kabaza. Moyo ukukoma.

Pobwerera, injini yayamba kugogoda. Go, go, go, pansipansi, ngati mlendo waulemu pachitseko. Ndikweza nyimbo. Nayo ikweza. Ndafika pachulu thukuta lili kamukamu, ndayezanso. Wadzaza!

Amayi andipempha ndiwasitire chitenje chawo cha Mvano. Za kugogoda sindinawauze.

Lachisanu

A Twaibu apita ku mzikiti, abwera masana. Ine ndili pachulu ndi kachitsulo m'manja. Amayi akudutsa ndi lichero, aima.

"Abambo ako sankayezera pamenepo."

Ndikuwafunsa kuti ankayezera pati.

"Kutchalitchi. Ukuyesa ankalawirira Lamulungu chifukwa chokonda kupemphera? Ankati bwalo la kumeneko ndi lokhalo lathyathyathya m'dera lino. Tikaweruka, azibambo ankawakankha."

Apitirira ndi lichero lawo. Ine nditsala ndi kachitsulo m'manja. Zaka zonsezi mpingo unkawatama kuti ndi munthu woyamba kufika pa nyumba ya Mulungu. Ndipo chimwalirire iwo, kutchalitchi ndimapita wapansi, kusunga mafuta.

Nditsetsereka, ndipita nayo pa bwalo la tchalitchi, ndizimitsa, ndidikira. Ndisolola kachitsulo. Kouma, kadontho kakuda kunsonga basi. Pachulu paja galimoto imaweramira kutsogolo, oyilo wotsalayo amasonkhana pomwe pali kachitsulo, n'kumaoneka wodzaza. Kanyali kamanena zoona sabata yonse, ine n'kukatseka pakamwa ndi tepi.

Ndithamangira kusitolo, ndigula oyilo, ndithira. Ikumwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Azimayi osesa m'tchalitchi asiya matsache, andikankha. Yalira, yagogoda kwambiri, yatsokomola, yazima.

A Twaibu afika atavalabe mkanjo wawo woyera. Amvetsera pamene tikuyesanso, kenako avula kofia. "Pepani achemwali. Zitsulo zadyana mkati. Iyi si ya mawa."

Ndawauza amayi madzulo, ndikulira ngati mwana. Ndapha galimoto ya abambo, ndipo ulendo wawo ndauwononga. Iwo angofunsa kuti minibasi yoyamba imadutsa nthawi yanji.

Loweruka

Minibasi. Kondakitala wawaona amayi ndi ndodo yawo, watsitsa mnyamata wa jekete pampando wakutsogolo. "Khalani apa, mayi, awa mafupa awo ngatsopano." Ine kumbuyo, nkhuku pamiyendo, poto wa kalongonda pakati pa mapazi.

Ku Liwonde tisintha minibasi. Pa bampu iliyonse ndikuona khosi la amayi likuuma, dzanja likufinya chitseko. Sakudandaula. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ku Nselema amayi aakulu agona pamphasa pakhonde, achepa ngati mwana. Maso sakuonanso bwino. "Bwanji sindinamve galimoto ya alamu anga?" akufunsa.

"Yatopa," akutero amayi, akudzitsitsa pansi pang'onopang'ono. "Koma ine ndafika."

Kenako Chilomwe chokhachokha. Agwirana manja, akuseka, akutsutsana za munthu wina amene anamwalira ine ndisanabadwe. Amayi aakulu adya kalongonda pang'ono, akuti mchere wachepa. Sindinawaonepo amayi akukondwa chonchi ndi chitonzo.

Nthawi yobwerera itakwana, amayi sakudzuka. "Pita iwe. Ine ndibwera zikatha." Ndabwera ndekha, poto wopanda kanthu pamiyendo.

Lamulungu

M'nyumba muli zii. Ndapita kutchalitchi wapansi. Galimoto ili pomwe ndinaisiya, ana ajambula maluwa pafumbi la pagalasi. A Twaibu akuti injini ina ingapezeke, koma osati chaka chino. Chabwino. Yunifolomu zikundidikira.

Ulaliki sindinaumve. Ndimaganiza za chiuno cha amayi pamphasa ya eni, ndi foni imene ibwere tsiku lililonse kuchokera ku Nselema.

Taweruka. Ndikutuluka, ndipeza azibambo achikulire, anzawo a abambo, aima kale kumbuyo kwa galimoto, majekete apinda, manja pa chitsulo. Palibe amene wawaitana. Ndikuwauza kuti musavutike, siilira, yafa.

"Tikudziwa, mwanathu," akutero mmodzi. "Lowani muwongolere. Tikaisiye kwawo."

Ndalowa. Tikuyenda pang'onopang'ono mumsewu, opanda phokoso, ndikungomva nsapato zawo ndi kupuma kwawo. Mpando wa amayi uli wopanda munthu. Ndikuwongolera ndi dzanja limodzi, linalo ndikupukutira m'maso.