Ulendo Wokasambira ngati Anthu a pa Kalendala

Lolemba

M'kabati ya kusukulu ndikupeza kalendala yakale ya Apwitikizi. Chithunzi chake: chilumba cha pakati pa Atilantiko, miyala yakuda bii imene phiri linalavula ili moto, mafunde akudzaza maiwe, anthu akusambiramo opanda nkhawa. Ine nyanja ndimangoiphunzitsa, sindinaionepo. A Tembo, mphunzitsi mnzanga, akuti maiwe otere aliko kumtunda kwa mtsinje wathu, ulendo wa m'mawa wonse kuchokera pa Furancungo pano. "Kungosowa mchere basi." Loweruka tikupita!

Lachiwiri

Opita: ine, mayi a Rosa, a Tembo, anamwino a Luiza. Zotenga: mbatatesi yophika, nthochi, kabudula. Kabudula ndilibe. Ndikudula thalauza lakale m'mawondo, mwendo wina wafupika. Mayi a Rosa akungofunsa: "Kodi nkhondo yatha, bambo a Rosa? Ife kunotu sitinamve."

Lachitatu

Popanda giya, chikalata cha ulendo, munthu satuluka m'boma muno. Ndikupita kukaipempha, mlembi akufunsa cholinga. Ndikuti kusamba. "Kamarada, kwanu kulibe ndowa?" Akuti ndibwere mawa.

Lachinayi

Chidindo chauma inki! A Luiza akana: "Ndikapita nanu, adzakusokeni ndani mukabwerako?" A Tembo akuulula kuti kumaiweko sanafikeko. Anamva kwa alamu awo. Alamuwo anamva kwa mlenje.

Lachisanu

Inki yapezeka, giya yasowa. A Tembo agwidwa malungo mwadzidzidzi, ngakhale ndikuwaona kuseri kwa nyumba akukukuta chimanga chootcha. Ndikuyeserera kusambira chafufumimba pa benchi. Benchi lathyoka.

Loweruka

Ndikupita ndekha! Pothera nyumba, amilisiya, asilikali olondera mudzi, akundibweza. Mbatatesi ija adya. Kunyumba ndikukhala m'beseni, mawondo m'khosi, ndikuwazamo kamchere. Mayi a Rosa akukuwa: mchere wa mwezi wonse! Dzuwa lili pamutu, kumtunda kukumveka phuu, kamodzi kokha. Agalu onse kuuwa.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi nkhani ili pakamwa pa aliyense. Ng'ombe ya a Phiri yaponda bomba lokwirira, m'kanjira komweko ka kumaiwe. Akuti zigawenga za m'tchire zakhala zikuchapa zovala zawo kumeneko sabata yonse. Ndikukhala pansi pa khonde la tchalitchi.

Pobwerera mayi a Rosa akulankhula osandiyang'ana: "Giya ija sinasowe. Kwa mlembi ndinapita ndine, ndi mazira asanu, kuti aibise."

Ndikufuna kukalipa. Ndikuyang'ana pansi: miyendo iwiri, zala khumi, zonse zikuyenda kunka kunyumba. Kusamba m'ndowa sikunaphepo munthu. Ndikufunsa ngati mazira atsalako. Akuti atatu, ndipo ine gawo langa ndinadyera kwa mlembi.