Mmene Ndinaitanira Malemu ku Tchalitchi

Mpaka lero, akangoti "ndani atitsekere ndi pemphero?" ine ndimawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato. Musandiseke msanga, imvani kaye.

Nditangofika ku Glasgow ndinalowa mpingo uja wa anyamata oyenda awiriawiri, a malaya oyera ndi mataye. Kumeneko aliyense amapemphera zakumtima kwake, osawerenga. Koma khutu langa linagwira msanga kuti mitima yonseyo imanena zofanana: zikomo chifukwa cha tsiku lokongolali, dalitsani chakudyachi chilimbitse matupi athu, amene sanabwere lero adzabwere sabata yamawa, tikafike kunyumba popanda ngozi. Ine chibadwire ndimapemphera m'Chichewa, ndiye Chingerezi cholankhula ndi Mulungu chinkandiopsa. Ndinangoloweza zonsezo basi (m'basi yochokera ku Shawlands kumene ndinkakhala, milomo ikugwedera ngati wamalungo).

Lamulungu lina bishopu anandinong'oneza kuti nditseke mapemphero. Linali tsiku losala kudya, komanso Lamulungu loyamba chiikireni maliro a bambo Kamanga, Mmalawi mnzathu. Mayi Kamanga, amene ankandisunga ngati mwana wawo, anakhala kutsogolo, mpando wa amuna awo uli wopanda munthu.

Ndinapinda manja, kutsinzina, pakamwa n'kuyamba kuyenda pokha. Ndinathokoza tsiku lokongola, mvula ikumenya mawindo. Palibe anadabwa, kuno n'chizolowezi. Kenaka ndinadalitsa chakudya kuti chilimbitse matupi athu (chakudya chiti, anthu osadya chidzulo?). Mimba ya wina kumbuyo inalira ngati ikuvomera. Apa mpamene ndikanaima. Koma njinga yopanda mabuleki ikafika pamtsetse suiuza zochita.

"Ndipo amene sali nafe lero, Atate, muwadalitse kuti adzakhale nafe sabata yamawa."

Ameni wake anatuluka wowonda, wa anthu ochepa. Nditatsegula maso ndinaona mayi Kamanga ataphimba nkhope ndi mpango. Mayo ine! Mtima unandiwawa kuti ndabaya pachilonda munthu amene sanandilakwirepo.

Ndinati ndizembere khomo lakumbuyo, koma mayi Kamanga anandigwira mkono ndisanatuluke.

"Iwe, ukuthawira kuti?"

"Amayi, pepani. Mawu aja si anga, ndinangotola."

"Ndikudziwa, mwananga. Abambo ako a Kamanga nawonso ankawanena osaphonya, ine n'kumawaseka tikafika kunyumba." Anapukuta maso. "Zaka zonsezi mawuwo ankangondidutsa, lero ndiye ndawamva. Chifereni iwo ndikupempha zomwezo, kungoti ndimachita manyazi kuzinena mokweza."

Ndinalira, abale, ofedwa n'kumatonthoza wolakwa.

"Basi, basi," anatero. "Koma ulendo wina udzapemphere m'Chichewa. Mulungu sanakulire kuno ku Partick."

Ndinalonjeza, ngakhale zingwe za nsapato ndikumangabe mpaka pano. Sabata yotsatira bambo Kamanga sanabwere. Ndinauyang'ana mpando uja kwa kanthawi, kenaka ndinapita kukakhalapo ine.