Ndinafunsa Nthochi M'malo Mofunsa Anthu

Mpaka lero nthochi sindidya, ndipo ana amaganiza kuti zimandipweteka m'mimba. Si m'mimba ayi, ndi mkwiyo.

Zinachitika patapita zaka zochepa nkhondo ya Ajeremani itatha. Ndinali mkamwini ku Chimaliro, ndikulima munda wachonde umene akazi anga anagawiridwa ndi amayi awo. Koma apongoziwo anali ndi pakamwa. Tambala akalira ndisanadzuke, mudzi wonse unkamva. Ndiye atabwera kapitawo wina, a Namakhwa, kudzafuna anthu pa esiteti ina ya tiyi, ndinatchera khutu. Akuti mzungu wawo amapereka malo omanga ndi olima, thangata (ntchito yolipirira malo ija) ndi yochepa, chikoti kulibe.

Akazi anga anakayika. "Inu, tikachoka pano mundawu apatsa mng'ono wanga, ndipo sudzabwereranso. Mzunguyo mukumudziwa?"

"Ndine mwana ine? Ndikafufuza kaye."

(Masiku amenewo ndinkadzitama kuti sindipusitsika. Kumsika ndinkanunkhiza ngakhale mchere.)

Nzeru yanga inali iyi: kapitawo akhoza kunama, koma nthochi sinama. Munthu sabzala nthochi pamalo pamene akuganiza zothawapo. Ndinayenda wapansi mpaka ku esitetiko, ndipo kumene kunkakhala antchito ndinapeza nthochi zazitali, mikoko ili lendelende. Ndinagogoda thunthu limodzi ngati munthu wodziwa zinthu. Zoti nyumba zingapo zinalibe utsi ndinaziona, koma ndinati eni ake ali kuntchito.

Potuluka ndinakumana ndi bambo wina wachikulire atanyamula mphasa ndi khasu, mkazi wake ali pambuyo ndi mtondo pamutu. Anaima n'kundifunsa, "Achimwene, mukufuna malo pano?" Asanapitirize, a Namakhwa anandikoka dzanja. "Asiyeni awo, ndi alesi. Bwana wawachotsa." Ine n'kuvomera ndi mutu, mpaka kumuseka mkuluyo. Ndinamuseka ndithu, ineyo.

Kunyumba ndinalengeza kuti zonse ndafufuza. Tinasamuka apongozi ataima pakhomo manja ali m'chiuno, ndipo mvula isanagwe munda uja unali wa mlamu wanga.

Malo anatipatsadi, koma kuthengo. Tinagwetsa mitengo, kuzula zitsa, manja onse matuza okhaokha. Thangata yochepa ija inkabwera pakati pa dzinja penipeni, ine kupalira tiyi wa mzungu, chimanga changa chikumira mu udzu. Chikoti chimene kunalibe chija msana wanga unachilawa ndisanazolowere n'komwe njira ya kuchitsime. Komabe ndinabzala nthochi kuzungulira nyumba, n'kumazithira phulusa, poti munthu wofufuza savomera msanga kuti wagwa m'mbuna.

Nthochi zitayamba kubereka, nthaka itafewa bwino, a Namakhwa anabwera ndi chingwe choyezera mizere. "Bwana akufuna munda uno, abzalamo tiyi. Mukaswe mphanje ina kutsidya, apo ayi muzipita."

"Nanga nthochi zangazi?"

"Zimenezo sitidula. Bwana amazikonda."

Kuzulanso zitsa kuti wina adzakolole, mphamvu zake ndinalibe. Tinamanga katundu kuti tikapemphe pogona kwa mlamu wanga, mwini munda tsopano. Zinandiwawa kwambiri, koma chinandiwawa koposa n'chakuti akazi anga sanandinyoze. Anangosenza mtondo basi.

Tikutuluka, ine mphasa ndi khasu paphewa, ndinaona munthu wachilendo akugogoda thunthu la nthochi yanga, akumwetulira. Ndinaima.

"Achimwene, mukufuna malo pano?"

A Namakhwa anamukoka dzanja n'kumunong'oneza. Munthuyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kuseka. Ndinafuna kumugenda ndi khasu, koma akazi anga anatembenuka pang'onopang'ono ndi mtondo wawo pamutu.

"Musiyeni," anatero. "Nayenso wafufuza kaye."