Kwa Bwana Amene Anandibwezera Mkamwini M'khitchini

Olemekezeka a Wapampando wa timu yathu ya hoke, masewera omenya kampira ndi ndodo pabwalo la ayezi,

Ndine Hermina, nkhalamba yosaphunzira, mpongozi wa Vendelin, kochi amene munamuchotsa ntchito mwezi watha. Ndalemba pang'onopang'ono, nanunso muwerenge mofatsa.

Choyamba, zikomo pondibwezera mkamwini. Tsiku lonse ali m'khitchini mwanga, kundanditsa makapu patebulo ngati osewera. Ndikati nditenge mchere, iye: "Mayi, musakhudze, ameneyo ndi wotchinga kumbuyo!" Msuzi wa kabichi tikungomwa wozizira.

Chachiwiri, ndikuyamika komiti imene inafufuza chifukwa chimene timu imagonjera. Munali anthu achilungamo okhaokha: inuyo, alamu anu, ndi dalaivala wanu. Munauza nyuzipepala kuti Vendelin alibe mutu wa masewera. Chichokereni pamenepo palibe timu yomuimbira foni, ndipo mwana wanga Zdenka wayamba kuonda.

Chachitatu, zikomo potipatsa Rasto, mwana wa mlongo wanu, kuti akhale pagolo. Mwana waulemu zedi. Kampira kakamabwera amakapatukira, monga amachitira ndi akuluakulu pakhomo la tchalitchi. Mnzanga Bozena, amene timakhala naye kuseri kwa golo, anachita kusasa mawu: "Rasto mwanawe, tsegulako diso limodzi, mayi ako abwera kudzakuonera!"

Za ayezi ndingodutsapo. Munachita bwino kupereka bwalo m'mawa uliwonse kwa akazi anu ndi anzawo ovina. Amavina mokongola. Anyamata nawo anaphunzira zambiri pothamanga kumalo oimika magalimoto.

Sindikuti mkamwini wanga ndi mngelo ayi. Ndi wamakani, amakalipa mpaka khosi kufiira, ndipo osewera achichepere ankawasiya pabenchi mpaka matako kuuma. Zimenezo ndinamuuza pamaso. Koma cholakwa chake chachikulu komiti yanu, mwa chifundo chake, inachibisa. Masewera aliwonse ankamuyang'ana Rasto, n'kuyang'ana kumene mwakhala inu, n'kumulowetsabe m'bwalo.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, bwana. Itananinso a nyuzipepala muwauze zoona: mutu anali nawo, koma ankaopa abwana ake kuposa kugonja. Kochi wotere, ndikhulupirireni, mawa lomwe apampando anzanu adzamulimbirana.

Ine wanu wogwada, mawondo akalola,

Hermina Ondruskova