Ku Swideni Mkazi Satoledwa

A Nyirenda sindinawakhululukire, ndipo musavutike kundinyengerera. Munthu wamkulu, wa ana anayi, kudya kanyenya wa pa siteji m'mawa wa tsiku limene akupita kukandiyankhulira kwa apongozi? Ndi nzeru zimenezo? Akanapirira njala yawoyo, ine sindikanatuluka m'mudzi wa eni ake nsapato zili kumanja.

Ndiyambe bwino. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ntchito inanditaya pa Mzimba Boma, kumene ndimaphunzitsa pa sekondale ina. Phunziro langa ndi lija la za mayiko ndi maulamuliro, ndipo ndisadzichepetse mwabodza, ndimalidziwa. Vuto langa (anthu ndiwo amati ndi vuto, ine ndimati mphatso) ndi lakuti sinditha kuona chinthu osachifanizira ndi dziko lina. Mzimba ili ndi mfumu yake yaikulu pambali pa boma? Ameneyo ndi Mangalande. Amayi akugwada popereka moni? Ku Japani amawerama, nkhani ndi yomweyo. Andale akusintha chipani chisankho chikayandikira? Pitani ku Kenya mukaone anzawo. Aphunzitsi anzanga anachita kundipatsa dzina lakuti a Dziko Lonse, ine n'kumavomera ngati ndi ulemu.

Nzeru zomwezo ndi zimene zinandiletsa kuphunzira Chitumbuka. Chaka ndi theka ndili kuno, ndinkangodziwa yewo, chomene ndi asambizgi (ndiye kuti zikomo, kwambiri ndi aphunzitsi). Wina akandifunsa, ndinkati, "Mpwitikizi amaphunzira Chisipanishi? Amangomva. Chitumbuka ndi Chichewa chomwe chija, changovala juzi chifukwa cha kuzizira."

Kenaka ndinakumana ndi Lusungu, amene amasoka zovala kuseri kwa msika. Ndinapita ndi buluku long'ambika, ndinabwerako ndi mtima wong'ambika (buluku analisoka bwino). Patapita miyezi tinagwirizana zoti ndikaonekere kwawo, mudzi wina kufupi ndi Champhira. Apa Lusungu anandikhazika pansi.

"Aphunzitsi, mvetserani. Adada anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, anaona zambiri, ndipo sakhulupirira munthu. Mkulu wanga anakhala ndi mwamuna zaka zinayi popanda mwambo, mwamunayo n'kumusiya ndi ana awiri. Chiyambire pamenepo adada akamva zoti mwamuna akufuna kungokhala ndi mwana wawo, amadwala. Ndipo safunsa kawiri. Mukalakwitsa, mbwenu basi."

Ndinamuuza kuti asadandaule, makolo otere aliponso ku Indiya.

"Izo ndi zimene ndikunenazo," anatero. "Mukakhale chete. A thenga ndiwo akayankhule."

Thenga ndi munthu amene amakuyankhulira pa nkhani za ukwati, ndipo wanga anali a Nyirenda, mphunzitsi wa zaulimi, mwana wa konkuno. Loweruka m'mawa tinakwera minibasi. Tisananyamuke ndinawaona akugula kanyenya wa mbuzi, wokutidwa m'pepala la mayeso akale, tsabola ali psuu. Ndinawachenjeza. Iwo anati mimba yawo ndi ya Chingoni. Chabwino.

Tinatsika pa msewu waukulu, n'kukwera kabaza mpaka kumudzi. Anatilandira bwino, n'kutilowetsa pabalaza. Nsapato ndinavula pakhomo popanda wondiuza (ndinangotsala pang'ono kunena kuti ku Koreya amateronso, koma ndinameza). Mkati munali a Shaba, bambo ake a Lusungu, munthu wamtali wovala chipewa cha ubweya, ndi achimwene awo awiri. Pamkeka panakhala amayi ake a Lusungu ndi ankhazi, ndiye kuti azakhali ake, mayi wa maso osaphethira. Lusungu mwini wake anali kukhitchini.

Moni anayenda, mmodzimmodzi, wautali ngati msonkhano wa makolo. Ine yewo, yewo chomene, zonse zili bwino. Ndiye a Nyirenda atangotsegula pakamwa kuti ayambe nkhani, ndinaona nkhope yawo ikusintha. Thukuta linayamba kutsika, kunja kukuzizira chonchija. Anandiweramira n'kunong'ona:

"Ndapota, asambizgi, ndapota chomene. Ndikubwera."

N'kutuluka mothamanga. Ine ndinamva kuti akundiuza za m'mimba mwawo kuti mwapota, zomwe ndinkaziona kale ndi maso. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti kuno "ndapota" ndi kuchonderera. Ankandipempha kuti ndisayankhule. Nanga osangonena m'Chichewa bwanji? Mawu atatu okha, "tsekani pakamwa panupo", akanawatayitsa nthawi yanji?

Tinawadikira. Mphindi zisanu. Khumi. Wotchi ya pakhoma ikungoti tha, tha, tha. Kenaka a Shaba anatsokomola, n'kuyamba kundiyankhula m'Chichewa pofuna kundilemekeza.

"Asambizgi, thenga wanu wachedwa. Ine ndine munthu wa funso limodzi. Kasi mwana wanguyu mukufuna kumutola?"

Abale anga a ku Ntchisi, ndiweruzeni inu. Kwathu timatola chiyani? Timatola mango ogwa, timatola ndalama ya munthu pamsewu, timatola zinyalala. Mkazi wotola ndi mawu otukwana. Ine ndinaganiza kuti mkuluyu akundiyesa, akufuna aone ngati ndimalemekeza mwana wake. Ndinati mumtima, mayeso awa ndiye anga. Sindinadziwe kuti m'Chitumbuka kutola ndiko kukwatira kumene, kwa mwambo, kwa ulemu wonse.

Ndinakonza tayi.

"Ayi, bambo. Kumutola ndiye ayi. Lusungu sindingamutole, ngakhale mutandikakamiza."

Ankhazi anati, "Hii!" Amayi ake anagwira pakamwa. Ine ndinaona ngati mawu anga awakhudza mtima.

"Simungamutole," anabwereza a Shaba pang'onopang'ono.

"Ndi pang'ono pomwe. Ndipo ndikuuzeni, bambo, zotola akazi zinatha. Dziko lapita patsogolo. Ku Swideni mkazi satoledwa. Ku Kanada satoledwa. Ngakhale pa Rwanda pomwepa, amayi adzaza nyumba ya malamulo, ndani angawatole? Mwamuna ndi mkazi masiku ano amangogwirizana awiriwiri, n'kukhala pamodzi mwaulemu."

Mukuona mmene satana amagwirira ntchito? Chiganizo chilichonse chimene ndinkanena chinali choona kumbali yanga, ndipo chilichonse chinali mpeni kumbali yawo.

Mmodzi wa achimwene aja anayankhula mofulumira m'Chitumbuka. Ndinangotolapo (taonani, mawu omwewo) dzina la mkulu wake wa Lusungu. A Shaba anakweza dzanja kuti akhale chete. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndiye mukuti mungokhala naye waka. Ngati mmene amachitira anyamata ku Joni."

Apa ndinasangalala zedi. Ndinati, eya, mkuluyu ndi woyenda, tayamba kumvana, nayenso wayamba kufanizira mayiko!

"Ndendende, bambo! Ngati ku Joni! Inu mwayenda, mukudziwa. Joni, Ulaya, Amereka, kulikonse n'chimodzimodzi. Ife a Malawi ndi amene tatsalira."

Zimene zinachitika kenaka sindingazifotokoze mwa ndondomeko. Ankhazi anaimirira n'kumanga chitenje m'chiuno. Amayi ake anayamba kulira mokweza, kuitana dzina la Lusungu. Kukhitchini kunagwa mbale. A Shaba sanakuwe, ndipo bola akanakuwa. Anangoloza chitseko n'kunena kuti:

"Lutani ku Swideni kwanuko."

Ndinatuluka cham'mbuyo. Nsapato ndinangozinyamula, nthawi yomanga zingwe panalibe, ankhazi anali kale pakhomo. Ndipo ndili pabwalo, masokosi ali mbuu ndi fumbi, ndi pamene a Nyirenda anatulukira kuseri kwa nthochi, akumanga lamba, nkhope ili yowala ngati munthu wobadwanso.

"Mbwenu tiyambepo, asambizgi?"

Sindilemba zimene ndinawayankha. Ndine mphunzitsi, ndipo ana anga a sukulu amawerenga.

Anandimasulira zonse tili panjira, wapansi, chifukwa a kabaza anali atapita. Atafika pa mawu akuti kutola, ndinakhala pansi pamsewu. Iwo n'kumaseka mpaka kugwira mtengo, mimba yawo ija yachira tsopano. Akuti, "Chaka na hafu muli kuno, mawu awa simunawamve?" Ndinawamva kangati! Ndinkangoganiza kuti anyamata a kuno ndi amwano.

Lusungu sanayankhe foni masabata awiri. Nditalimba mtima n'kupita kushopu kwake, sanadzutse mutu pamakina.

"Mumadziwa dzina la nduna yaikulu ya ku Japani," anatero, makina akulira. "Mumadziwa zipani za ku Kenya. Koma chinthu chimodzi chimene munabwerera kwathu, dzina lake simulidziwa. Ndinali kuseri kwa chitseko, aphunzitsi. Ndinamva mukuuza adada kuti simunganditole ngakhale atakukakamizani."

Pamenepo mkwiyo wanga unasowa kolowera. Ndinafuna kumufotokozera kuti kusamvana kotere kumachitikanso pakati pa mayiko, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga pakamwa panakana.

A Nyirenda, kuti ndisawanamizire zonse, anabwererako okha katatu, osadya kanthu panjira. Ulendo wachitatu anabwera ndi yankho. A Shaba avomera kundionanso, kamodzi. Adzafunsa funso lomwe lija. Koma ndikadzangotchula dziko lililonse, ngakhale Malawi amene, nkhani yathera pomwepo.

Ndinapita ndi a Nyirenda. Anthu omwe aja, mipando yomwe ija, ankhazi atamangiratu chitenje.

"Asambizgi, kasi mwana wane mukukhumba kumutola?"

"Enya, dada."

Mawu awiri: inde, bambo. Ndinawaloweza sabata yathunthu. A Shaba anatsamira mpando ngati munthu amene akungocheza.

"Yewo. Koma tandiuzani, asambizgi, poti inu ndinu ophunzira. Ine ndakhala ndikudabwa. Ku Indiya uko, pa ukwati, amapereka chuma ndi a kwa mwamuna kapena a kwa mkazi?"

Nkhalamba yoipa mtima! Funso limenelo ndimaliphunzitsa Fomu 3 chaka chilichonse. Yankho linakwera kuchokera m'mimba, linafika pakhosi, linadzaza m'kamwa, ndi zitsanzo zake zomwe, ndi kusiyana kwake ndi malowolo a kuno. A Nyirenda anandiponda chala. Kuseri kwa chitseko ndinamva munthu akupuma.

"Nkhumanya yayi, dada," ndinatero. Sindikudziwa.

A Shaba anavala chipewa chawo. "Sono mungatola."

Ukwati uliko mwezi wa Okutobala, ndipo Lusungu akusoka yekha diresi. Anthu akuti ndaphunzira kudzichepetsa. Bodza. Ndaphunzira kunama pamaso pa apongozi, ndipo zikundiwawa mpaka lero. Ndiye poti adada sawerenga zolemba za Chichewa, ndikuuzeni inu kuti mtima ukhale pansi: amapereka ndi a kwa mkazi.