Kalata ya a Saidi Yofunsira Banja

Mpaka lero ndikamadutsa pamzikiti wa kwathu ku Bindura, kuno ku Zimbabwe, ndimayenda chowerama, ndipo chifukwa chake ndi imelo imodzi.

Ntchito yanga ndi yomasulira makalata kuchoka m'Chichewa kupita m'Chishona. Tsiku lina kunabwera a Saidi, bambo wachikulire amene anapuma ntchito ya mumgodi, akazi awo anamwalira kalekale. Anatseka okha chitseko asanakhale pansi.

"Muzukuru, kuli mayi wina ku Musana. Chishona changa n'chokalipira anthu mumgodi. Ndikufuna chofunsira banja."

Anandiuza mawu a m'kalata yawo m'Chichewa pang'onopang'ono, akupotokola chipewa. Atafika poti "ndatopa kuthira tiyi m'kapu imodzi," misozi inalengeza m'maso mwanga. Tinagwirizana kuti kalatayo ipite pa imelo ya mwana wamkazi wa mayiwo.

"Asadziwe munthu. Ngakhale ana anga."

"Musadandaule, Sekuru, agogo anga," ndinatero ndikudziguguda pachifuwa. Ndinali nditangophunzira kukhoma fayilo ndi pasiwedi (ndipo matama ake sanali ocheza). Ndinakhomadi. Kenako ndinamumvera chisoni mtsikanayo kuti avutika potsegula, ndiye m'munsi mwa imelo yomweyo ndinalemba mwaulemu kuti pasiwedi yake nayi. Kukhoma chitseko, kiyi n'kumusiya pomwepo.

Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwinoko. Koma ine ndinenso mlembi wa bungwe lathu la maliro la pamzikitipo, ndipo imelo yoitanira mamembala onse kumsonkhano, ana a a Saidi omwe, inali yotsegula kale pakompyuta. Osazindikira, kalata ya a Saidi ndi pasiwedi yake ija ndinali nditaziika m'menemo, ndipo ndinatumiza.

Ola lisanathe foni inalira: membala wina, akuyamikira m'Chishona. "Makorokoto kwa a Saidi! Ukwati liti?"

Ndinathamangira kwa a Saidi, n'kugwada, n'kuulula zonse. Ndinkalakalaka akanangondikalipira.

"Ana anga awerenga?"

"Awerenga, Sekuru."

"Akuti chiyani?"

"Wamkulu uja akufunsa ngati muli ndi jekete labwino."

Anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso. "Ndiye eni akewo ndi okhawo amene sanaione?"

"Ndi okhawo. Nditumize pompano?"

"Iyayi, muzukuru. Isindikize papepala. Ndikwera nayo kombi ndekha mpaka ku Musana."

Masiku ano pasiwedi ndimaitumiza payokha pafoni, ndipo ndimayang'ana kawiri kumene imelo ikupita ndisanadine. Koma ndikawafunsa a Saidi za ku Musana, amangomwetulira n'kundigwira paphewa. "Iwe udzamva pomalizira."