Vaneti Yanga pa Chilanga Mulilo cha Tiyamike

Linali Loweruka la mphepo, ya mu Ogasiti ija imene imanyamula fumbi ndi mapepala a pulasitiki n'kukawapachika pa mawaya a magetsi. Malata a nyumba ya aneba ankagogoda okha. Kumsewu makina odulira zitsulo anali atayamba kale kulira, monga mwa masiku onse kuno ku Kalingalinga, ndipo kuseri kwa nyumba yanga amayi a kumpingo ankayesa ng'oma. Phokoso lonselo ndinalizolowera. Limene silindichoka m'makutu mpaka lero ndi limene ndinapanga ine mwini tsikulo, kuchokera pakhomo panga mpaka ku Mtendere, kwa apongozi anga.

Linali tsiku la chilanga mulilo cha mwana wanga mmodzi yekhayo, Tiyamike. Mwambowu makolo anga sanabwere nawo kuchokera ku Malawi, koma mu Lusaka tonse tinautengera: akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kukatula kwa mkwati ndi nyimbo. Yoyang'anira ntchitoyi ndi mayi wa mwana. Amake Tiya anatisiya kale, choncho amayi a kumpingo ndiwo anagwira zonse, motsogozedwa ndi alangizi, mayi Zulu. Ine anandipatsa ntchito imodzi yokha: kunyamula miphika, nkhuku zootcha ndi mgolo wa munkoyo, thobwa la kuno, pa kapikapu kanga kakale, kamene kuno timati vaneti, kukatsitsa pageti mwakachetechete n'kubwerera. Bambo wa mkwatibwi sayenera kuonekeraonekera kwa apongozi tsiku lotere. Pemphero langa linali limodzi, lakuti wina asadzanene kuti, "Zaoneka kuti mwanayu alibe mayi."

Kumayambiriro kwa sabata imeneyo ndinapita kumudzi wina kupitirira Chongwe kukatenga nkhuni ndi nkhuku za kumudzi. Pobwerera ndinadutsa njira yachidule. Anthu anandichenjeza kuti ndi njira ya ngolo, koma ine ndinaganiza kuti ngolo ili ndi magudumu awiri, pomwe ine ndili ndi anayi. M'khwawa lina louma mimba ya vaneti inagunda mwala. Ndinafika kunyumba gudumu lakumbuyo likuvina, ekiselo yogwira magudumu akumbuyo itapindika.

Makaniko wanga wa nthawi zonse anati ali ndi ntchito zambiri, ndidikire sabata yamawa. Ndiye pa mapemphero a m'makomo ndinangotchula nkhaniyi kuti abale aipempherere. (Phunzirani kwa ine: ena mukawapempha pemphero amabwera ndi sipanala.)

M'mawa mwake anafika abale awiri a kumpingo. Ba Tembo ndi wowotcherera mageti, munthu wa manja abwino. Ba Mwale anakhalapo kondakitala wa minibasi, ndipo amakhulupirira kuti kukhala pafupi ndi injini zaka zonsezo kunawapatsa umakaniko.

"Batate bake Tiya, osadandaula," anatero ba Tembo. "Nsimbi ni nsimbi, chitsulo ni chitsulo. Geti na motoka, vonse ni vimozi."

Tinakapeza ekiselo yakale kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Tikufuna kuimanga, ba Tembo analowa pansi pa vaneti, kenako anatuluka nkhope ikuwala.

"Muziba chamene munagundila mwala? Motoka yanu ni ifupi maningi. Manje tikaitembenuza iyi ekiselo, masipuling'i yazankhala pamwamba, motoka izakwela. Ku Chongwe muzayenda monga thilakita."

"Ni vamene," anavomereza ba Mwale. "Ine nenze nafuna kukamba."

Anaitembenuzadi, mbali yakumanja n'kupita kumanzere, mimba n'kuyang'ana kumwamba. Ine ndinaona kuti kabawuti kotulutsira oilo, kamene kamakhala pansi, tsopano kali pamwamba. Ndinafunsa kamodzi, motsitsa mawu.

"Ni bwino kansi," anayankha ba Mwale. "Oilo siizataika."

Ndinangowapatsira sipanala yanga. Sindikonda kuweruza munthu msanga, makamaka amene wasiya ntchito yake kudzagona m'fumbi chifukwa cha mwana wanga. (Malemu amake Tiya ankandiuza kuti, "Inu pomwe mudzatsegule pakamwa, mvula idzakhala itatha.")

Lachisanu madzulo tinaiyesa. Vaneti inali ikadali pamwamba pa mabuloko. Ndinaliza injini, n'kuika giya, magudumu n'kuyamba kuzungulira bwinobwino, osavina. Tinaomba m'manja, ba Mwale n'kupereka pemphero lothokoza. Amuna atatu aimvi tinayang'ana magudumu aja akuzungulira, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti akuzungulira kulowera kuti.

Loweruka lija tinapakira zonse. Vaneti inali itatalikadi, moti mayi Zulu anaiyamikira. Amayi anavala zitenje zofanana, minibasi yawo ikudikira kumsewu. Abale anga awiri aja anaima pambali manja ali m'chiuno, kuti aliyense adziwe eni ntchito. Ndinapemphera, n'kuika giya yoyamba, n'kusiya kilachi pang'onopang'ono.

Geti linayamba kunditalikira.

Ndinaponda buleki, n'kuyang'ana dzanja langa. Giya inali yoyamba ndithu.

"Yesani ya namba thu!" anakuwa ba Mwale. "Ikali kuzolowela!"

Ndinamvera. (Inde, ndinamvera.) Vaneti inathamangira kumbuyo ndi mphamvu zatsopano, n'kukagunda mulu wa malata akale amene ndinawatsamiritsa kumpanda. Phokoso lake agalu a m'dera lonse analiyankha. Munkoyo unadumpha mumgolo n'kuwasambitsa ba Mwale kuyambira pachipewa. Mwachisomo cha Mulungu, miphika inali yomangidwa m'nsalu, palibe unagwa.

Ng'oma zinaleka. Mayi Zulu anabwera pawindo pang'onopang'ono.

"Batate bake Tiya, ku Mtendere ni uku. Uko ni kuchimbuzi."

Ba Tembo anagwada kuyang'ana pansi, n'kukanda m'mutu, n'kunena kuti akhoza kuibwezera mmene inalili tikawapatsa mpaka madzulo.

"Mazulo?" anatero mayi Zulu. "Bapongozi balindila na njala, imwe ati mazulo? Mufuna bakambe kuti mwana wathu alibe banthu?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinayang'ana pawindo la nyumba, ndipo ndinaona nsalu ikugwedezeka pamene Tiya ankasuzumira. Apa mpamene nzeru inandifikira, mochedwa monga mwa chizolowezi chake. Ngati magiya akutsogolo akundipititsa kumbuyo, nanga livesi? Ndinaika livesi. Vaneti inayenda kutsogolo mwaulemu, n'kutuluka pageti.

Koma vaneti yanga ili ndi kabelu kamene kamalira ikakhala mu livesi. Anakaikitsa ndi amake Tiya, poopa ana osewera kumbuyo, ndipo chimwalirireni sindinalole munthu kukachotsa. Tsopano kanayamba: pii, pii, pii. Ndipo livesi ndi imodzi yokha, liwiro lake la munthu woyenda pansi.

Mayi Zulu anaona kuti minibasi ingondisiya, ndiye analamula amayi onse kutsika. Anandizungulira, oimba ng'oma n'kutengera kugunda kwawo pa kabelu kaja, nyimbo n'kuyamba. Ine amene ndinayenera kupita mosaoneka ndinali pakati pa gulu, injini ikubuula, nyali za livesi zikuyaka, kabelu kakuitana aliyense amene anali asanatuluke m'nyumba. Owotcherera anazimitsa makina awo kuti aonere. Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo.

"Mudala, ni malilo olo ni ukwati? Tiuzeni tizibe kapena tilile!"

Ndinangomukwezera dzanja. Ba Tembo ndi ba Mwale ankabwera kumbuyo kwenikweni, akuyenda ngati anthu ongodutsa.

Titafika ku Mtendere, chifukwa cha manyazi ndinapitirira geti pang'ono. Amayi anakuwa kuti ndibwerere. Apa ndinaiwala zonse, n'kuponda mafuta ndili mu livesi, n'kupitiriranso. Kenako ndinakumbukira, n'kuika giya yoyamba. Vaneti inabwerera bwinobwino, popanda kabelu, ndipo poona geti lili lotsegula ndinangokhota n'kulowa chambuyo mpaka pakhonde.

Tsono pa mwambowu amayi onyamula chakudya amalowa m'nyumba ya mkwati chambuyo. Akuchimuna ataona vaneti ikulowa chomwecho, nthungululu zinabuka. Amalume a mkwati anabwera pawindo, n'kugwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Bapongozi, taonapo vilanga mulilo vambili. Koma kuti na motoka yapita ku balangizi, ivi ni vatsopano. Mwana wanu achokela ku nyumba ya ulemu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Mayi Zulu anandiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo ndinatseka.

Madzulo ndinafika kunyumba, pii, pii, pii, njira yonse. Tiya anandichingamira akuseka mpaka kugwira m'mimba. Atatha kuseka anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Adadi, ninamvela kabelu ka amami mpaka kutali. Ninaziba kuti baliko."

Ndinapita kukasuzumira pansi pa vaneti, ngakhale kunalibe choti ndione.

Lolemba makaniko anabweza ekiselo m'malo mwake. Koma asanaimasule anayamba waitana anzake kuti adzaone. Ana a m'dera lathu akandiona amati pii, pii, ngakhale ndikuyenda pansi kupita kutchalitchi. Ba Tembo ndi ba Mwale anakhala kumbuyo m'tchalitchi Lamulungu lotsatira, maso ali m'buku la nyimbo. Potuluka anandipeza pakhomo, n'kupepesa, kenako ba Mwale n'kuwonjezera kuti anamva chiwongolero changa chikulira, ndipo Loweruka ali ndi mpata.

Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti chiwongolerocho tingochipempherera, aliyense kunyumba kwake. Sipanala zanga ndinazitsekera m'chipinda. Koma abale angawo ndinawakhululukira.